Olira akabalalika, bambo wamasiye amatsala ndi yani?

Maliro a kumudzi sasiya munthu yekha. Amayi a Chigwirizano amachezera kuimba m'nyumba ya siwa, abambo amazungulira chikuni panja, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu awo, ndipo nyakwawa imatanganidwa ndi kope lolembamo chipepeso. Pamsewu amaika masamba, wanjinga aliyense n'kumatsika kuyenda wapansi. Masiku awiri kapena atatu amenewo namfedwa amagwiridwa mkono paliponse pamene akupita. Kenaka tsiku lometa limafika. Mapoto obwereka amabwerera kwa eni ake, achibale a kutali amatsanzika, ana a m'tauni amathamangira minibasi poti kuntchito anangowapatsa masiku ochepa. Pakhonde pamatsala munthu amene ambirife sitimulabadira kwenikweni: bambo wokalamba amene wangoika kumene mkazi wake.

Tikamva za amasiye, maganizo amathamangira kwa amayi ndi ana, ndipo m'pomveka. Amayi amasiye ndi ochuluka kuposa abambo, chifukwa amuna ambiri amakwatira akazi ocheperapo msinkhu, amatsogola kufa, ndipo amene aferedwa mphamvu zikadalipo sachedwa kupeza banja lina. Amayi ndiwonso akhala akulandidwa katundu dothi la pamanda lisanaume. Mipingo, mabungwe ndi malamulo zinaika maso kumeneko, ndipo zinachita bwino. Koma bambo wa zaka 78 amene mawondo ayamba kukana, amene sangafunsirenso mbeta, amene sanagwirepo mthiko chibadwire, timangomuuza kuti "limbani mtima, ndinu bambo," basi tathana naye. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 5 okha ndiwo anali ndi zaka 60 kapena kuposerapo. Theka la dziko linali ana osakwana zaka 18. M'dziko la ana chonchi, nkhalamba yaimuna yotsala yokha imaiwalika mosavuta.

Kwathu, chakufupi ndi Linthipe m'boma la Dedza, kuli bambo wina wotere. Dzina lawo ndisunga. Tonse timangoti agogo, ngakhale ife amene si adzukulu awo enieni. Kwawo kwenikweni ndi cha ku Mitundu, ndipo pamudzi pathu anabwera ngati mkamwini chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anamanga pamalo a apongozi awo, kulima munda wa kuchikazi, kubzala mango ndi bulugamu zimene lero zakwiririra mudzi. Mayi a kunyumba kwawo anamwalira dzinja lathali, chimanga chili m'mawondo, atakhala limodzi zaka zoposa 50.

Ukakhala nawo pansi, sayamba ndi kunena za kusungulumwa. Amayamba ndi tiyi. M'mawa woyamba anthu atabalalika anafuna kuthira kamadzi kotentha m'mimba, koma sanadziwe pamene pamakhala shuga m'nyumba imene iwo eni anaumba njerwa zake. Mbewu ya nyemba anaipeza nthawi yobzala itadutsa kale, ili mumtsuko womatidwa bwinobwino kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Pansi pa matiresi anapeza jumbo yomangidwa ndi kansalu kong'ambidwa pa chitenje, ndipo m'katimo munali buku la kuchipatala la mayiwo, makadi a ubatizo a ana onse, ndi makalata amene agogo ankalemba ali ku Joni. Makalatawo anali atafiira ndi utsi, koma osasowa ngakhale imodzi. Agogo akuti atawerenga anachita manyazi. Kalata iliyonse inali ya malangizo: ugule mbuzi, ufolere nkhokwe, usabwereketse khasu latsopano. Ana ankangotchulidwa kumapeto, pamodzi ndi moni wa kwa apongozi.

Mbiri imeneyi ndi ya amuna ambiri a msinkhu wawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri atalembedwa ndi Wenela. Ankakwera ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupitiriza ulendo pa sitima, ndipo kontrakiti imodzi inkadya pafupifupi zaka ziwiri. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo n'kuferatu pomwepo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Njira inatsekukanso mu 1977 kudzera ku Teba, n'kudzatsekeka mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a ogwira ntchito. Agogo anapita chiletso chisanabwere, anadzapitanso chitachotsedwa. Amene sanapite ku Joni anali m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena ku Halale. Konseko nkhani inali imodzi: bambo kutali, ana akukula.

Ulendo woyamba anabwerako ndi njinga, wayilesi, bulangete lochindikala ndi sutikesi yachitsulo. Mwana wawo woyamba, amene anamusiya ali m'mimba, atawaona anathawira kuseri kwa chitenje cha mayi ake akulira. Anthu anaseka, agogo nawo anaseka, koma mumtima zinawalasa. M'malo momunyengerera, anati mwana adzazolowera yekha. Asanazolowere, bambo anali atanyamukanso.

Sindikufuna kuwaweruza amuna amenewa, chifukwa ambiri a ife tinaphunzira ndi thukuta lawo. Msonkho unkafuna ndalama. Sukulu ya pulayimale inali yolipira mpaka 1994. Malata, feteleza, yunifolomu, zonse zinkadikira munthu amene analowa pansi pa nthaka kapena kufinya fodya wa mwini esiteti. Iwo anaphunzitsidwa kuti bambo wabwino ndi amene pakhomo pake sagona ndi njala, ndipo zimenezo anakwanitsa. Komanso kwa ife a chikamwini, mwambo weniweniwo unkamuika bambo chapatali. Ana ndi a mbumba ya mayi. Nkhani zikuluzikulu, za ukwati, za milandu, za matenda aakulu, mwini wake anali atsibweni. Akuluakulu ankachenjeza kuti mkamwini asamakule mwendo. Mwamuna wanzeru ankaphunzira kukhala chete, kulima, kubweretsa ndalama, n'kusiya zolankhula kwa ena.

Choncho m'mabanja ambiri mayi ndiye ankakhala nkhoswe pakati pa bambo ndi ana ake omwe. Mwana akafuna fizi ankauza mayi, mayi n'kukanena kuchipinda usiku. Bambo akakwiya ankauza mayi, mayi n'kusankha mawu oti afike kwa mwana ndi oti afere panjira. Mafoni atabwera, ana a agogo anagulira mayi awo kafoni kamabatani, kamene kanadzathera pomangidwa ndi mphira. Wa ku Lilongwe akaimba, kapena wa ku Johannesburg amene anatsata mapazi a bambo ake, ankacheza ndi mayi mpaka mayunitsi kutsala pang'ono kutha: za ngongole, za mwana wodwala, za banja limene likugwedezeka. Kumapeto kwenikweni m'pamene ankati, "Ababa ali pompo? Apatseni ndiwalonjere." Agogo ankalandira, kunena kuti ali bwino, mvula ikugwa, feteleza wakwera mtengo, n'kubweza foni. Madzulo, akudya, mayi ankawafotokozera zonse, ndipo agogo ankadziona ngati bambo wodziwa za ana ake.

Lero kafoni kaja kali m'thumba la jekete lawo. Ana amaimbabe, ndipo ndalama imafika pa Airtel Money kapena pa Mpamba mwezi ukatha. Palibe mwana amene wawataya. Koma moni ukatha, za mvula zikatha, mbali zonse ziwiri zimangoti zii, mpaka wina anene kuti netiweki ikuvuta. Agogo akuti apa m'pamene anazindikira kuti anaika anthu ambiri m'manda amodzi. Sadziwa dzina la kampani imene mwana wawo amagwirako ntchito. Adzukulu a ku Joni amalankhula Chizulu ndi Chingerezi, ndipo amawadziwa agogo awo ngati nkhope ya pa WhatsApp. Mwana woyamba uja, amene anathawa kuseri kwa chitenje, ndiye wa ku Johannesburg, ndipo maliro a mayi ake anaonera pa foni ya msuweni wake, chifukwa mapepala ake sanali bwino ndipo akanatuluka sakanaloledwa kubwereranso. Agogo sanamudzudzule. Akuti akanayambira pati, poti iwonso maliro a bambo awo anawamva pa kalata, patapita mwezi wathunthu.

Koma chimene chimawasowetsa tulo kwambiri chili pafupi, mtunda wosakwana kuponya mwala kuchokera pakhonde pawo. Ndi mwana wawo wamkazi wachiwiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mtsikanayu anasankhidwa kupita ku sekondale, nthawi imene mudzi wonse unkatha zaka osatulutsa ndi mmodzi yemwe. Agogo anagulitsa njinga ya ku Joni ija kuti alipire fizi ndi kugula sutikesi. Ali Fomu 2 anatenga pathupi. Masiku amenewo mtsikana woyembekezera ankachotsedwa sukulu osabwereranso. Ndondomeko yolola kuti abwerere akabereka inadza mu 1993, iye mwayi utamupitirira. Tsiku limene anafika ndi sutikesi yake pamutu, agogo analankhula pamaso pa anthu kuti alibenso mwana wamkazi dzina lakutilakuti. Sanamuthamangitse, poti pamudzi si pawo, koma anatha zaka osamuyankhula. Mnyamata amene anapereka pathupiyo anapitiriza sukulu.

Zaka zinapita, mkwiyo unazirala, anayamba kulonjerana, koma mawu aja sanabwezedwe. Mayi ndiwo ankasalaza: "Abambo ako ati utengeko chimanga m'nkhokwe," pamene mwina abambowo sananene kanthu. Lero, mwa ana onse, amene ali pamudzi ndi yemweyo. Ndiye amasesa m'nyumba ya agogo, kuwachapira, kuwaphikira phala la mgaiwa m'mawa. Masana amabwera ndi mbale ziwiri zovindikira, kugwada, n'kunena kuti, "Ababa, madzi awa, sambani." Iye mwini ndi gogo tsopano, imvi zili mbuu m'mphepete mwa duku. Agogo akuti nsima imeneyo imawakakamira pakhosi. Amafuna kunena kuti analakwa, koma pakamwa pamene panazolowera kulamula sipadziwa poyambira.

Tsiku lina, mwanayo akutola mbale, anamuuza kuti akhale kaye pansi awathandize kusenda mtedza. Anasenda nthawi yaitali osalankhula. Kenaka agogo, maso ali mu lichero, anayamba kukamba za njinga ija, kuti inali yolimba, kuti anaigulitsa motchipa, kuti koma sanadandaulepo za njingayo, chimene amadandaula ndi pakamwa pawo tsiku lija. Mwanayo anangoti, "Zinapita zimenezo, ababa," n'kupitiriza kusenda. Sanakumbatirane, si chikhalidwe chawo. Koma kuyambira pamenepo akabweretsa nsima sathamangira kubwerera, ndipo ndi iye amene tsopano amawauza agogo zimene zikuchitika kwa abale ake a m'tauni. Ine ndimaona kuti bambo wa zaka 78 amene wachita zimenezi wachita chinthu chovuta kuposa kulowa mumgodi, ndipo ndikanakonda abambo ambiri akanachita msanga, mayi akadali moyo kuti amve nawo.

Pali china chimene sangathe kukonza. Mayiwo anayamba kalekale kudandaula mutu, chizungulire ndi kutupa miyendo. Kuchipatala anati ndi BP, n'kuwauza kuti azibwera mwezi ndi mwezi kudzatenga mankhwala. Miyezi ina ankapita, miyezi ina ndalama ya kabaza inkasowa. Mwezi womaliza anati mutu wafika poipa, ndipo agogo anayankha kuti adikire kaye agulitse kachewere. Patangopita masiku ochepa mayiwo anagwa ku mjigo, mbali imodzi itauma, osalankhulanso mpaka kumwalira. Aliyense amene amamva nkhaniyi amawauza agogo kuti si mlandu wawo, umphawi ndiwo unasankha, ndipo n'zoona. Koma mawu otere salowa. Usiku amabwereza chiganizo chimodzi chomwecho, chakuti panali mbuzi m'khola.

Chisoni chotere chimapha, ndipo madokotala anaziona kalekale. Mu 1969 dokotala wa maganizo wa ku Britain, Colin Murray Parkes, pamodzi ndi anzake, anafalitsa kafukufuku wa abambo amasiye 4,486 a zaka 55 kupita m'tsogolo. Anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira mkazi atamwalira, imfa pakati pawo zinali zochuluka ndi 40 peresenti kuyerekeza ndi amuna okwatira a msinkhu womwewo, ndipo ambiri ankafa ndi matenda a mtima. Kumudzi timangoti "amutsatira mkazi wawo," mwinanso n'kuyamba kunong'onezana zina. Zifukwa zake si zobisika. Amene ankakumbutsa za mankhwala palibe. Kudya kumasokonekera. Munthu amasiya kusamba, kusiya kupita kutchalitchi, ena n'kuyamba kulawirira ku kachasu.

Vuto lina ndi lakuti mwamuna alibe kolirira. Mayi wamasiye ali ndi anzake a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika, amene amabwerabe milungu ikupita. Ali ndi kumjigo, kuchigayo, ku banki m'khonde, malo amene mayi amatha kugwetsa misozi anzake n'kumugwira paphewa. Bambo ali ndi bawo pansi pa mtengo, pamene amakamba za ndale ndi mpira, ndipo amene angayambe za malemu mkazi wake anzake amangoyang'ana pansi. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Ziwerengero za apolisi chaka ndi chaka zimaonetsa kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo sindikhulupirira kuti ziwirizi n'zosagwirizana. Thandizo la akatswiri a maganizo lilipo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kwa nkhalamba ya kumudzi kumeneko n'kutali, ndipo ambiri chimene akusowa si dokotala. Akusowa munthu woti awafunse kuti mayi anali munthu wotani, n'kukhala pansi kumvetsera yankho. Madikoni ndi akulu a mpingo amene amayendera odwala bwenzi akuika abambo otere pa ndandanda yawo.

Ndiye pali nkhani ya malo. Pa chikamwini, mkazi akamwalira, nthawi yolira ikatha, akuchikazi ndi ankhoswe amakhala pansi kumusudzula mwamuna, kutanthauza kuti ukwati watha ndipo ali womasuka kubwerera kwawo kapena kukakwatira kwina. Mwambowu uli ndi nzeru zake. Umateteza munda kuti ukhalebe wa ana ndi mbumba, mkazi wachilendo asadzalowe m'nyumba ya malemu n'kuyamba kulamula. Kwa mwamuna wa zaka 35 ndi ufulu. Koma kwa wa zaka 78, kwawo n'kuti? Kwa agogo ku Mitundu makolo anatha, alongo awo anamwalira, minda inagawidwa kwa ana a alongowo amene ena sawadziwa ndi nkhope yomwe. Munthu wotere akabwerera amakakhala mlendo wodyetsedwa mwaulemu sabata yoyamba, yachiwiri n'kuyamba kulemera. Ndipo tikudziwa zimene zimachitikira nkhalamba yopanda woiimira pamudzi mwana wina akadwala mwadzidzidzi: chala cha ufiti sichichedwa kuloza. Bungwe loona za okalamba la MANEPO lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba omenyedwa ndi kuphedwa pa nkhani zoterezi.

Malamulo ayesetsa kufikapo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ambiri amaliona ngati lamulo la amayi okha, chonsecho limatetezanso bambo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ena osaukitsitsa, ngakhale kuti ambiri oyenera amatsala. Penshoni yokakamiza olemba ntchito inabwera mu 2011, amuna a msinkhu wa agogo atapuma kale manja ali m'thumba, ndipo a ku migodi akhala zaka akuyendera ndalama zawo. Komabe lamulo silingauze mlamu kuti amwetulire, ndipo nyumba ikhoza kukhala yako pa pepala pamene nthaka imene yakhalapo ndi ya mbumba ya eni.

Kwa agogo, tsiku losudzula litafika, mwini mbumba analankhula mwaulemu monga mwa mwambo, kuwathokoza chifukwa chosunga mlongo wawo, n'kunena kuti njira ili yotseguka. Ena pamenepo anali ataika kale maso pa munda wa kudimba ndi mitengo ya bulugamu. Amene anapempha kulankhula anali mwana wamkazi uja. Anagwada n'kunena kuti mundawo tsopano ndi wake ndi abale ake, ndipo iye akufuna bambo ake akhale pomwepo mpaka Mulungu adzawaitane. Panalibe wotsutsa, chifukwa pa mwambo womwewo mawu a mwana wamkazi pa nthaka ya mayi ake ndi olemera.

Panopa akusonkherana za chiliza, chimene akufuna kumanga akakolola. Wa ku Lilongwe walonjeza simenti, wa ku Johannesburg akuti mapepala ake atheka ndipo abwera pa Khirisimasi. Agogo apempha kuti pambali pa manda a mayiwo pasiyidwe malo awo. Pempholi lavuta pang'ono, chifukwa nthawi zambiri mkamwini akamwalira abale ake amabwera kudzatenga mtembo kukaika kwawo, ndipo a ku Mitundu atamva anatumiza uthenga woti mwambo sungasinthe chifukwa cha munthu mmodzi. Nyakwawa yati nkhaniyo ikambidwe mbali zonse zilipo, ana onse atafika. Agogo auza mwana wawo wamkazi kuti tsiku limenelo asadzawalankhulire, adzanena okha.